Foda yogawana ikakana kutseguka mu VirtualBox, yambirani apa musanafufute chilichonse

Funso ili ndatopa nalo kuliyankha pa WhatsApp, ndiye ndati ndililembe kamodzi, wofunsa wina ndizingomulozera pano. Amene amabwera nalo kwambiri kuno ku Kasungu ndi ophunzira za makompyuta amene auzidwa kuti aike Ubuntu kapena Kali Linux pa laputopu ya Windows. Enanso ndi a m'timaofesi ta pa boma pano, amene akusungabe pulogalamu yakale ya maakaunti yongoyenda pa Windows 7. Madandaulo ake ndi awiri omwewo: "foda ndaigawa koma sikuoneka", kapena "ikuoneka koma ikukana kutseguka". Ena amafika atafufuta kale Ubuntu yense n'kumuikanso, bandulo yatha, vuto likadali pomwepo.

Tigwirizane kaye mayina. Kompyuta yeniyeni imene mwaiika pamiyendoyo, ya Windows 10 kapena 11, timaitcha host. Kompyuta yam'kati, imene imatseguka pawindo la VirtualBox (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ina m'kati mwa kompyuta yanu), ndiyo guest. Foda yogawana imakhala pa host, ndipo guest amangololedwa kuiona. Mafayilo sakoperedwa kupita kwina, ali malo amodzi basi.

Vuto la foda yogawana kawirikawiri limakhala pamalo atatu: mwina host sanaigawe bwino, mwina guest alibe driver (kapulogalamu kolumikizira) yoti aionere, mwinanso driver ilipo koma inuyo mulibe chilolezo cholowamo. Mukadziwa kuti lanu lili pati, ntchito yotsalayo ndi ya mphindi zochepa. Intaneti sikhudzidwa n'komwe. Foda ya VirtualBox sidutsa pa netiweki, choncho kusintha netiweki ya guest kuchoka pa NAT kupita ku Bridged, monga ambiri amachitira, n'kutaya nthawi chabe.

1. Werengani uthenga umene kompyuta ikukupatsani

Musautseke msanga, chifukwa ndi umene ukuuzeni kopita. Mukaona "Permission denied", kapena Ubuntu akunena kuti mulibe permissions zoonera zam'katimo, sangalalani: foda yafika, chatsala ndi chilolezo, lumphirani ku gawo 4. Mukaona "No such device", kapena mawu onena kuti vboxsf (dzina la driver ya foda yogawana) sikudziwika, driver palibe, pitani ku gawo 3. "Protocol error" kapena "No such file or directory" polumikiza foda pamanja kawirikawiri ndi dzina lolakwika, zimenezo zili m'gawo 2 ndi 5. Foda ikamatseguka koma n'kumakana kusunga fayilo, gawo lanu ndi 6. Ngati palibe uthenga uliwonse, foda yangosowa, tsatirani magawo onse mwandondomeko.

2. Onani mmene mwaigawira pa host

Pangani foda yatsopano pamalo osavuta, mwachitsanzo C:\zogawana. Dzina likhale lalifupi, la zilembo zing'onozing'ono, lopanda mpata pakati. Dzina ngati "Ntchito za Term 2" lidzakuvutitsani polemba mu terminal, windo lolembamo ma command mu Linux.

Mu VirtualBox sankhani makina anu, dinani Settings, kenako Shared Folders, kenako kachizindikiro ka foda kokhala ndi mtanda wobiriwira. Pa Folder Path lozani foda ija. Pa Folder Name pamadzilemba pokha, ndipo dzina limeneli ndi lomwe guest amalidziwa, lilembeni papepala. Chongani Auto-mount. Read-only musachonge, pokhapokha ngati mukufunadi kuti guest azingowerenga. Mount point siyani popanda kanthu.

Pali kabokosi kena kamene kamagwetsa anthu ambiri. Mukagawa foda makina ali oyaka, pamabwera Make Permanent. Mukapanda kuchonga pamenepo, foda imalowa pansi pa Transient Folders, kutanthauza kuti ndi ya kanthawi, makina akazima nayonso yapita. Kwathu kuno, kumene magetsi amatha kuzima pakati pa ntchito ndipo malaputopu ambiri a kaunjika batire lake linafa kale, zimenezi zimachitika kawirikawiri. Munthu amati dzulo zimayenda bwinobwino, lero zasowa. Yang'anani kuti foda yanu ili pansi pa Machine Folders. Njira yosavuta ndi kuigawa makina ali ozima, imalowa yokha pamenepo.

Musagawe C: yonse, ngakhale zioneke ngati zochepetsa ntchito. Chimene mwafufuta muli mu guest chafufutika pa host, ndipo snapshot ya VirtualBox, imene imabwezera guest mmene analili kale, sibweza mafayilo a m'foda yogawana chifukwa sali pa diski ya guest. Amene mukuphunzira Kali n'kumayesa mapulogalamu okayikitsa, chenjezoli ndi lanu makamaka.

3. Tsimikizani kuti Guest Additions ilimo ndipo ikugwira ntchito

Guest Additions ndi mtolo wa madriver umene umaikidwa m'kati mwa guest, osati pa host. Musaisokoneze ndi Extension Pack, imeneyo ndi ina ndipo sikhudza mafoda. Mu terminal ya guest lembani:

lsmod | grep vbox

Mukuyembekezera kuona vboxguest ndi vboxsf. Ngati vboxsf sikuoneka, yesani kuidzutsa:

sudo modprobe vboxsf

Ikangobwerera phee osanena kanthu, driver ilipo. Ikadandaula kuti module sinapezeke, muyenera kuiika, ndipo njira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi imene ine ndimalangiza wa Ubuntu aliyense amene akuwerengera ma megabyte. Kuyambira kernel (mtima wa Linux) 5.6 ya mu 2020, driver ya vboxsf imabwera m'kati mwa Linux momwemo, choncho pa Ubuntu 22.04 kapena 24.04 chosowa ndi kapulogalamu kolumikiza foda kokha:

sudo apt update
sudo apt install virtualbox-guest-utils

Mukatero yatsaninso guest.

Yachiwiri ndi ya CD. Pawindo la makina oyaka dinani Devices, kenako Insert Guest Additions CD image. CD imeneyi simuikoka pa intaneti, inabwera kale ndi VirtualBox, ili mu C:\Program Files\Oracle\VirtualBox ndipo dzina lake ndi VBoxGuestAdditions.iso. Ikakana kulowa, ndiye kuti ISO imene munaikira Ubuntu ikadali mu drive: pitani ku Devices, Optical Drives, Remove disk from virtual drive, n'kuyesanso. Musanayendetse chilichonse pa CD-yo, ikani kaye zida zomangira driver:

sudo apt install build-essential dkms bzip2

Kenako lembani uname -r, muona nambala ya kernel yanu. Ikani linux-headers ya nambala yomweyo ndendende, kulemba sudo apt install linux-headers- n'kulumikiza nambalayo kumapeto kwake popanda mpata. Panjira ya CD imeneyi, kuika zidazi ndi headers ndi kokha kumene kukufuna bandulo, ndipo ngati netiweki ya kwanu ku Santhe kapena ku Nkhamenya ikuvuta masana, dikirani usiku kusiyana n'kudumpha gawoli. Zikatha, lowani mu foda ya CD, imene imakhala mu /media, pansi pa dzina lanu, ndipo imayamba ndi VBox_GAs, n'kulemba:

sudo sh ./VBoxLinuxAdditions.run

Werengani mizere yomalizira. Pulogalamuyi imatha kufika kumapeto ngati zonse zayenda pamene pakati yanena kuti kernel headers sizinapezeke ndipo driver sinamangidwe. Mukakayika, tsekulani /var/log/vboxadd-setup.log, chifukwa chake chimalembedwa mmenemo.

Sankhani njira imodzi, musaphatikize ziwirizi. Amene munakopera Kali yokonzeratu ya VirtualBox kwa mnzanu pa fulashi, Guest Additions imakhala ilimo kale, musaikenso ina pamwamba.

Zinthu ziwiri zimatha kuipha driver imene inali bwinobwino. China ndi update ya kernel: mwachita apt upgrade, mwayatsanso, foda yasowa, chifukwa driver ya pa CD inamangidwira kernel yakale. Ikani headers za kernel yatsopano, lembani sudo rcvboxadd setup, n'kuyatsanso. China ndi Secure Boot, imene VirtualBox inayamba kuilola m'makina am'kati kuchokera pa 7.0 mu 2022. Modprobe ikayankha kuti "Key was rejected by service", zimitsani guest, pitani ku Settings, System, chotsani chongi pa Secure Boot. Komanso mukakweza VirtualBox pa host kuchoka pa 6.1 kupita pa 7, kwezaninso Guest Additions m'kati kuti manambala afanane.

4. Chilolezo: apa ndi pamene ambiri amakakamira

Auto-mount ikagwira ntchito, foda yanu imapezeka mu /media ndipo dzina lake limayamba ndi sf_, ndiye yathu ija ikhala /media/sf_zogawana. Lembani:

ls -l /media

Muona mzere woyamba ndi drwxrwx--- kenako root vboxsf. Tanthauzo lake ndi ili: mwini wake ndi root, akaunti yolamulira makina onse, a m'gulu la vboxsf akhoza kuwerenga ndi kulemba, wina aliyense alibe gawo. Akaunti imene munapanga poika Ubuntu simakhala m'gulu limeneli payokha. Dziikenimo:

sudo usermod -aG vboxsf $USER

Yang'anitsitsani ka a kakang'ono kamene kali kutsogolo kwa G wamkuluyo. Ndi kamene kamauza Linux kuti awonjezere gululi pa magulu amene muli nawo kale. Mukalemba -G yekha, Linux amakuchotsani m'magulu ena onse, kuphatikizapo la sudo, n'kukusiyani mu vboxsf mokha. Mukadzalowanso mudzapeza kuti sudo akukukanani, ndipo kukonza zimenezo kumafuna recovery mode. Lembani pang'onopang'ono.

Malangizo ambiri amathera pamenepa, ndipo wowerenga amabwerera ku foda, n'kupeza "Permission denied" yomwe ija. Amaganiza kuti command yalephera, amailembanso kangapo, kenako amayamba kufufuta zinthu. Command sinalephere. Linux amawerenga magulu anu kamodzi kokha, panthawi imene mukulowa ndi pasiwedi, ndipo pulogalamu iliyonse imene mutsekule pambuyo pake imatengera mndandanda womwewo. Zili ngati kulembetsa dzina ku kalabu ya alimi mndandanda utapita kale kudepoti: m'buku la kalabu mulimo ndithu, koma wogawa feteleza akuwerenga pepala lakale.

Mukhoza kudzionera nokha. Lembani command ziwiri izi motsatizana:

id
id $USER

Yoyamba ikuonetsa magulu amene mwalowa nawo panopa. Yachiwiri ikuwerenga zimene zalembedwa m'kaundula wa makinawo. Ngati vboxsf ikuoneka pa yachiwiri koma pa yoyamba palibe, zonse mwachita bwino, chatsala n'kulowanso.

Koma kulowanso kwake kukhale kwenikweni. Kutseka terminal n'kutsekula ina sikuthandiza. Kukhoma sikirini n'kulembanso pasiwedi sikuthandiza. Log Out imayenera kukwanira, koma pa Ubuntu nthawi zina mbali ina ya session yakale imatsalira ikuyendabe, ndiye mumabwerera ndi magulu akale omwewo. Ndipo msampha waukulu ndi uwu: mukadina X pakona ya windo la makina, VirtualBox imakufunsani chochita, ndipo ambiri amasankha "Save the machine state". Kumeneko si kuzimitsa. Makina amangogonekedwa mmene alili, mukawadzutsa mawa amapitiriza pomwe analekezera, ndi mndandanda wakale uja. Alipo anthu amene guest wawo sanazimepo chiikireni, koma akulumbira kuti ayatsanso kambirimbiri. Kuyatsanso laputopu yeniyeniyo nakonso sikusintha kanthu ngati guest anagonekedwa motero. Lembani izi mu terminal ya guest:

sudo reboot

Akadzuka, lembani id. Mukaona vboxsf, tsekulani foda.

Ngati muli pakati pa ntchito yoti simungaidule, newgrp vboxsf imakupatsani gululo mu terminal imodzi yomweyo basi. Pulogalamu ya Files ndi zina zonse zidzakanabe mpaka mutayatsanso.

Mawu awiri okhudza chmod 777, command yopatsa aliyense chilolezo chonse pa foda, poti ndi mankhwala amene aliyense amathamangira. Pa foda ya vboxsf yochokera ku Windows sigwira. Zilolezo za foda imeneyi zimaikidwa panthawi yolumikiza, ndipo chmod ndi chown zimatha kubwerera osadandaula koma osasintha kanthu. Kutsekula Files ndi sudo nakonso ndi chizolowezi choipa: lero mulowadi, koma mudzayamba kupeza mafayilo a root m'foda yanu ya home amene akaunti yanu singawasinthe.

5. Auto-mount ikakanika, lumikizani pamanja

Njira imeneyi ndi yabwinonso poyesa, chifukwa imakuuzani poyera chimene chalakwika.

mkdir ~/kuhost
sudo mount -t vboxsf -o uid=1000,gid=1000 zogawana ~/kuhost

Mawu oti zogawana apa ndi Folder Name imene munalemba papepala ija, osati C:\zogawana, osatinso sf_zogawana. Nambala 1000 ndi ya akaunti yoyamba kupangidwa pa Ubuntu, yanu mukhoza kuitsimikiza ndi id. Mukalumikiza chonchi foda imakhala yanuyanu, nkhani ya gulu la vboxsf siikukhudzaninso. Mwaona kuti foda yolumikizirapo ndaipatsa dzina losiyana, kuhost. Ndachitira dala: mayina awiriwa akafanana ndipo inu mwaima pamalo pomwe pali fodayo, mount imatha kusokonezeka n'kukupatsani "Protocol error" pamene zonse zili bwino.

Zikayenda ndipo mukufuna zizichitika zokha, chotsani chongi pa Auto-mount kuti ziwirizi zisalimbane, kenako onjezani mzere uwu kumapeto kwa /etc/fstab, m'malo mwa dzinalanu muikemo dzina la akaunti yanu:

zogawana /home/dzinalanu/kuhost vboxsf uid=1000,gid=1000,nofail 0 0

Mawu oti nofail musawasiye. Popanda iwo, tsiku limene mudzachotse fodayo mu Settings, Ubuntu akhoza kukana kudzuka n'kukusiyani pa sikirini yakuda ya emergency mode. Musanayatsenso, yesani ndi sudo mount -a kuti muone ngati mzerewo ulibe cholakwika.

6. Ikutseguka koma sikusunga, kapena mafayilo ena akukana

Yambani ndi Read-only mu Settings. Ngati sipanachongedwe, vuto lili ku Windows ya host. Guest sangachite chimene akaunti yanu ya Windows singachite, choncho foda ya mu Program Files kapena ya akaunti ya munthu wina idzakana.

Documents ndi Desktop zili ndi mavuto awoawo, n'chifukwa chake ndinati mupange foda pa C: mwachindunji. Pa malaputopu ambiri mafoda awiriwa anatengedwa ndi OneDrive, ndipo fayilo yokhala ndi kachizindikiro ka mtambo ndi dzina lokha, thupi lake lili pa intaneti. Bandulo ikatha, guest amaiona koma sangaitsekule. Dinani kumanja pa fodayo mu Windows n'kusankha "Always keep on this device" muli ndi intaneti, kapena samutsani mafayilowo. Chinanso ndi Controlled folder access, imene ili mu Windows Security pansi pa Ransomware protection. Ikakhala yoyatsa imatha kuletsa VirtualBox kulemba mu Documents ndi Pictures.

Mayina a mafayilo nawo amavuta. Linux amalola zizindikiro ngati : ndi ? ndi * m'dzina, Windows salola. Kwa Linux, Lipoti.txt ndi lipoti.txt ndi mafayilo awiri, kwa Windows ndi imodzi. Fayilo imene mwaitsekula mu Excel kapena Word pa host imakhala yokhomedwa, itsekeni kaye musanaisinthe mu guest.

Ophunzira programming, tamverani. Mukaika project mu foda yogawana n'kuyendetsa npm install kapena kupanga venv ya Python, mudzaona zolakwika zonena za symlink (kafayilo kongolozera ku fayilo ina), chifukwa VirtualBox imaletsa guest kupanga ma symlink m'foda yogawana pofuna kuteteza host. Njira yotsekulira ilipo kudzera mu VBoxManage, koma pa host ya Windows imafunanso zilolezo zapadera, ndipo ine sindiona phindu lake. Sungani project mu home ya guest, foda yogawana ikhale yodutsitsira mafayilo basi. Database nayo musaiike mmenemo, imachedwa ndipo magetsi akazima mwadzidzidzi ikhoza kuwonongeka.

7. Ngati guest wanu ndi Windows

Kuno n'kosavuta. Lowetsani CD ya Guest Additions, yendetsani VBoxWindowsAdditions.exe, yatsaninso. Mukachonga Auto-mount, foda imabwera ndi chilembo chake ngati drive mu Computer kapena This PC. Ikapanda kuoneka, musavutike ndi kuyatsa network discovery, ingolembani \\VBOXSVR\zogawana pamwamba pa File Explorer pamene pamalembedwa adiresi. Mapulogalamu akale a maakaunti ambiri amafuna chilembo cha drive, ndiye mu Command Prompt lembani:

net use z: \\vboxsvr\zogawana /persistent:yes

Command Prompt imeneyi muitsekule mwachizolowezi, osati ndi Run as administrator, apo ayi drive ikhoza kupangidwa koma osaoneka mu File Explorer. Mukalandira System error 53, bwererani ku Guest Additions ndi ku kalembedwe ka dzina.

8. A VMware

VMware ndi pulogalamu ina yogwira ntchito ngati VirtualBox. Mfundo zake ndi zomwezi, mayina okha ndi amene asintha. M'malo mwa Guest Additions ikani open-vm-tools, ndipo mu Settings, Options, Shared Folders sankhani Always enabled. Command ya vmware-hgfsclient imatchula mafoda amene host wagawa. Ikatchula dzina la foda yanu koma mu /mnt/hgfs mulibe kanthu, lumikizani nokha:

sudo mkdir -p /mnt/hgfs
sudo vmhgfs-fuse .host:/ /mnt/hgfs -o allow_other

Mukaiwala allow_other, root yekha ndi amene adzaione.

Mwadutsa magawo onsewa koma zikukanabe, musanditumizire uthenga wongoti "sizikutheka". Jambulani sikirini ya Shared Folders mu Settings, ndi zimene zatuluka mutalemba lsmod | grep vbox, id, ndi ls -l /media, komanso munene nambala ya VirtualBox yanu imene ili pa Help, About VirtualBox. Ngati asayimenti ikufunika mawa m'mawa, lowetsani fulashi, pitani ku Devices, USB, isankheni kuti ilowe mu guest, koperani mafayilo anu, ndipo muitulutse bwino mu guest musanaibwezere ku host.